Ulenje wa Mumpanda: Kodi Ukuteteza Nyama Zakutchire Kapena Ukungoziweta?

Aliyense amene anakwerapo basi ya ku Joni yodzera ku Beitbridge anauonapo mpandawu, ngakhale kuti mwina sanadziwe ntchito yake. Mukangodutsa Musina, msewu wa N1 umayenda mtunda wautali pakati pa mipanda iwiri ya waya, wina kumanja wina kumanzere. Mpanda wa ng'ombe umalekeza m'chiuno, koma uwu umatalika mamita 2.4, mawaya ake ndi othithikana, ndipo ena mwa iwo amayenda magetsi. Kuseri kwake nthawi zina kumaoneka nswala zikudya msipu, kapena ngoma yamphongo itaima pamthunzi. Nyama zimenezi zili ndi mwini wake. Anazigula pa okushoni, amazimwetsa madzi opopa pansi, ndipo zina mwa izo adzazigulitsa kwa mlenje amene adzabwere ndi mfuti ndi ndalama.

Ulenje wa mumpanda ndi umenewu. Wafala kwambiri ku South Africa, ku Namibia ndi ku Texas m'dziko la United States, ndipo wagawanitsa anthu amene onse amati amakonda nyama zakutchire. Eni mafamu amati popanda ndalama za alenje malowa akanadzaza ng'ombe ndi mbuzi, nyama zikanatha. Otsutsa amati nyama yotsekeredwa yasiya kukhala yakutchire, ndipo kuiwombera ndi malonda chabe ovekedwa dzina la kuteteza chilengedwe. Ngakhale alenje eni ake sagwirizana, pakuti ena mwa adani aakulu a mchitidwewu ndi anthu amene akhala akusaka moyo wawo wonse. Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni weniweni, ndipo chimene chimatalikitsa mkanganowu n'chakuti dzina limodzi likuphimba zinthu zosiyana kwambiri, kuyambira tchire la makilomita mazanamazana mpaka kabwalo kamene munthu angakazungulire pa mphindi zowerengeka.

Mmene nyama zinapezera eni ake

Kale lamulo la ku South Africa linkati nyama yakutchire ilibe mwini kufikira wina ataigwira kapena kuipha. Kwa mlimi wa ng'ombe, zimenezi zinkatanthauza kuti mbidzi ndi nyumbu ndi akuba msipu, njati ndi yofalitsa matenda, mkango ndi mdani. Panalibe chifukwa chozisungira, choncho alimi ambiri ankaziwombera kuti ziweto zipeze malo. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1900, nyama zikuluzikulu zinali zitachepa kwambiri kunja kwa mapaki a boma.

Kusintha kunayambira ku Namibia, kumene mu 1967 eni mafamu anapatsidwa ufulu wopindula ndi nyama za pamalo awo. Dziko limene lero ndi Zimbabwe linachitanso chimodzimodzi mu 1975. Ku South Africa chinthu chachikulu chinali lamulo la Game Theft Act la mu 1991. Lamuloli linati munthu akazinga malo ake ndi mpanda wokwanira, boma n'kumupatsa chiphaso chotsimikizira zimenezo, nyama za mkatimo ndi zake, ndipo zikhalabe zake ngakhale zitathawa. Kuchokera pamenepo ngoma inakhala katundu wogulitsika, wotheka kumulembera inshuwalansi. Zaka zomwezo boma linachepetsa thandizo limene linkapereka kwa alimi, ndipo m'madera ouma a Limpopo, Northern Cape ndi Eastern Cape ulimi wa ng'ombe unasiya kupindulitsa. Alimi ambiri anagulitsa ng'ombe n'kukweza mipanda.

Kafukufuku amene bungwe la Endangered Wildlife Trust linatulutsa mu 2016 anapeza mafamu a nyama pafupifupi 9,000, okhala pa mahekitala pafupifupi 17 miliyoni. Malo amenewa ndi aakulu kuposa dziko lonse la Malawi pamodzi ndi nyanja yake, ndipo muli malo okwanira mapaki 8 ofanana ndi Kruger. Eni malondawa amakonda kunena kuti m'mafamumo muli nyama pafupifupi 20 miliyoni, pamene kafukufuku uja anawerengera nyama zodya msipu pafupifupi 6 miliyoni. Chiwerengero chilichonse chimene munthu angatenge, nyama zachuluka kwambiri kuyerekeza ndi zaka 60 zapitazo. Ndalama zake zimachokera kunjira zinayi: alenje akunja ofuna nyanga ndi zikopa zokapachika kukhoma, alenje a m'dziko momwemo ofuna nyama yofutsa yotchedwa biltong, kugulitsa nyama zamoyo kwa mafamu ena, ndi alendo ongobwera kudzaona ndi kujambula. Pa ulenje, ndalama zambiri zimachokera kwa osaka nyama yandiwo a m'dziko momwemo, ngakhale kuti amene amatchuka m'nyuzipepala ndi akunja aja.

Zimene mpanda wapulumutsa

Amene amateteza mafamuwa ali ndi nkhani zooneka ndi maso. Bontebok, nyama yokongola ya nkhope yoyera ya kumwera kwenikweni kwa Africa, inangotsala pang'ono kutheratu. Inapulumuka chifukwa mabanja angapo a alimi a kufupi ndi Bredasdorp anazinga zotsalazo ndi mpanda m'zaka za m'ma 1800, ndipo paki ya boma yoisungira itakhazikitsidwa mu 1931 inayamba ndi nyama zosakwana 30. Nyumbu yakuda nayonso inapulumukira m'mafamu ochepa a ku Free State. Lero mitundu yonse iwiriyi ilipo masauzande, ndipo yambiri ili m'malo a anthu wamba.

Nkhani yolemera kwambiri ndi ya chipembere choyera cha kumwera kwa Africa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 chinatsala chosakwana 100, pafupifupi chonse ku iMfolozi m'chigawo cha KwaZulu-Natal. M'zaka za m'ma 1960 Ian Player, amene ankayang'anira nkhalango ya iMfolozi, ndi anzake anayamba kugwira zipembere n'kumazitumiza kumalo ena, ndipo mu 1968 boma linalola kuti zochepa zizisakidwa mwachilolezo. Poyamba eni mafamu ankagula chipembere motchipa kwa boma n'kuchiwombetsa nthawi yomweyo, chifukwa phindu linali pamenepo. Boma litayamba kuzigulitsa pa okushoni pamtengo wake weniweni, ndiponso lamulo la 1991 litabwera, zinayamba kupindulitsa kusunga zazikazi kuti ziswane. Pofika cha m'ma 2012 zipembere zoyera zinafika pafupifupi 20,000. Kenaka kunabwera opha zipembere mozembera ofuna nyanga, amene mu 2014 mokha anapha 1,215 ku South Africa, zambiri ku Kruger. Masiku ano zipembere zoyera zoposa theka za m'dzikolo zili m'manja mwa anthu wamba, amene amalipira okha alonda, agalu ndi helikopita.

Palinso mfundo ya malo. Famu ya nyama ya ku Limpopo ili kutali ndi misewu ya alendo, tchire lake ndi lowirira, ndipo mlendo wojambula zithunzi sangalipire kuti akaone zitsamba zaminga. Mlenje amalipira. Malo otere akapanda kukhala a nyama, sasanduka paki ya boma, amabwerera ku ng'ombe, ku mbuzi kapena ku migodi. Eni mafamu amakonda kuloza ku Kenya, kumene ulenje unaletsedwa mu 1977 koma nyama za kunja kwa mapaki zachepa ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu kuchokera nthawi imeneyo. Kuchepako kuli ndi zifukwa zambiri, monga kuchuluka kwa anthu ndi ziweto, chilala ndi kugawidwa kwa malo, choncho n'kulakwa kuloza chala chiletso chokhacho. Komabe phunziro limodzi ndi loona: kuletsa mfuti pakokha sikupatsa mwini malo chifukwa chosungira nyama.

Ku Texas: nyama zachilendo ndi nthenda yosachiritsika

Ku United States nkhaniyi inayenda njira ina. Kumeneko mwambo ndi lamulo zimati nyama zakutchire ndi za anthu onse, ndipo boma la chigawo chilichonse limangoziyang'anira. Mwambowu unamangidwa ndi alenje okha. Bungwe la Boone and Crockett Club, limene Theodore Roosevelt ndi anzake anakhazikitsa mu 1887, limaphunzitsa kuti nyama iyenera kukhala ndi mwayi weniweni wothawa, ndipo mpaka lero silimalemba m'buku lake la mbiri ya ulenje nyama yophedwera mumpanda umene singathe kutulukamo. Kwa anthu oganiza chonchi, mpanda wautali ndi kulanda chuma cha anthu onse n'kuchitsekera pakhomo pa munthu mmodzi.

Koma ku Texas malo pafupifupi 95 pa 100 alionse ndi a anthu wamba, ndipo mipanda yafala. Mbawala ya kumeneko ya mchira woyera imakhalabe ya boma ngakhale ili mumpanda, pamene nyama zochokera kumaiko ena zimawerengedwa ngati ziweto. N'chifukwa chake m'mapiri a pakati pa Texas muli nyama za ku India ndi za ku Africa zambirimbiri. Pakati pa izo pali oryx ya nyanga zopindika ngati chikwakwa, ya m'mphepete mwa chipululu cha Sahara, imene mu 2000 bungwe la IUCN linalengeza kuti yatha kutchire. Pa nthawi yomweyo ku Texas inalipo masauzande, ikuswana ndi ndalama za alenje. Boma la United States litakhwimitsa zilolezo zoisakira mu 2012, eni mafamu anadandaula kuti mtengo wake wagwa ndipo ayamba kuchepetsa ziweto zawozo, mpaka nyumba ya malamulo inafewetsanso lamulolo mu 2014.

Otsutsa amafunsa kuti nyama ya ku Sahara yokhala ku Texas ikuthandiza chiyani Sahara. Yankho lake lili ku Chad, kumene kuyambira 2016 oryx inayamba kubwezeretsedwa m'nkhalango ya Ouadi Rimé-Ouadi Achim, ndipo mu December 2023 inachotsedwa pa mndandanda wa nyama zotha kutchire. Nyamazo zinachokera ku gulu limene linasonkhanitsidwa ku Abu Dhabi kuchokera kumalo osungirako nyama a ku America, ku Ulaya ndi ku Arabia, ndipo ntchitoyo inatheka ndi ndalama za boma la Abu Dhabi, boma la Chad ndi bungwe loteteza nyama za ku Sahara. Kusunga nyama mumpanda kunathandiza kuti mbewu isathe, koma kuibwezera kwawo inali ntchito ina, imene msika wa alenje sunailipire.

Vuto lalikulu la ku America ndi nthenda ya mbawala yotchedwa chronic wasting disease. Inaonekera koyamba mu 1967 pa mbawala zotsekeredwa pamalo ofufuzira ku Colorado. Imadya ubongo: nyama imawonda mpaka nthiti kuwerengeka, imachucha dovu, imazandima, imasiya kuopa anthu, kenaka imafa. Ilibe mankhwala kapena katemera. Imafala kudzera m'malovu, mkodzo ndi ndowe, ndipo imakhala m'dothi zaka zambiri. Nyama yodwala imaoneka yathanzi kwa miyezi yambiri, choncho ikakwezedwa pa lole kupita ku famu ina imanyamula nthendayo makilomita mazanamazana tsiku limodzi. Inafika ku South Korea ndi nyama zogulidwa ku mafamu a ku Canada. M'mafamu ena a ku Wisconsin ndi Iowa, nyama zonse zitaphedwa n'kupimidwa, pafupifupi 8 mwa 10 zilizonse zinapezeka nayo. Ku Texas inapezeka mu famu yoswetsera mbawala ku Medina County mu 2015. Eni mafamu amayankha kuti nthendayi ilinso kutchire, ndipo kwawo imaonekera msanga chifukwa amapima nyama zambiri. Zimenezo n'zoona, koma waya suletsa mbawala ya mkati kununkhizana ndi ya kunja, ndipo mtengo ukagwera mpanda nyama zimatuluka. Anthu a ku Montana anavota mu 2000 kuletsa kuwombera nyama m'mafamu otere molipiritsa, pamene a ku North Dakota anakana chiletso chofananacho mu 2010.

Pamene tchire lasanduka khola

Walira mvula walira matope. Lamulo limene linapatsa nyama mtengo linapatsanso eni ake chilakolako chochulukitsa zimene zili ndi mtengo waukulu, n'kuchotsa zimene zilibe. Kuyambira cha m'ma 2008 mpaka 2016 ku South Africa kunabuka malonda oswetsa nyama zodula. Famu imagawidwa m'timisasa ta mahekitala ochepa, kalikonse ndi mpanda wake wamagetsi. Mkati mumaikidwa mphongo imodzi ya nyanga zazitali ndi zazikazi zake. Nyamazo zimavala nambala kukhutu, zimadya chakudya cha m'matumba m'zodyeramo, zimathiridwa mankhwala a nkhupakupa, ndipo dokotala amazigoneka ndi jakisoni kuti ayeze nyanga ndi tepi. Mphalapala yoleredwa chonchi imathamangira galimoto ikamva kulira kwa injini, chifukwa imadziwa kuti chakudya chafika.

Mitengo inafika poti munthu sangakhulupirire. Mu 2013 gulu la mpondamatiki Johann Rupert linagula njati yamphongo yotchedwa Mystery pa R40 miliyoni. Mu 2016 gawo limodzi mwa magawo anayi a njati ina, Horizon, linagulidwa pa R44 miliyoni. Kunabweranso nyama za maonekedwe achilendo: nyumbu yagolide, nswala yakuda, ndi zina zoyera. Maonekedwe oterewa kutchire amabadwa mwa apo ndi apo, ndipo kuti achuluke pamafunika kukweretsa nyama pachibale. Oswetsa ankagulitsana okhaokha poyembekezera kuti alenje adzazifuna. Alenje sanazifune pamitengo imeneyo, ndipo cha m'ma 2016 ndi 2017 msikawo unagwa, anthu ambiri n'kutaya chuma. Timipanda tija tinatsala.

Chilengedwe chinalipira m'njira zingapo. Munthu amene ali ndi mwana wa mphalapala wa ndalama zambiri sangalekerere kambuku, fisi kapena kakwiyo pafupi, ndipo ofufuza ku Limpopo anapeza kuti pamene mitengo ya nyama inkakwera, zopempha zilolezo zophera zilombo zolusa zinkachulukanso. Waya wamagetsi wa m'munsi, woikidwa kuti njiri ndi nkhandwe zisakumbe, umapha akamba ndi ngaka. Ngaka imayenda ndi miyendo yakumbuyo, mimba yake yopanda mamba ili poyera. Ikagunda wayawo imadzipinda monga mwa chibadwa chake, n'kukulunga waya womwewo, ndipo magetsi amaimenya kufikira itafa. Zimafa mazanamazana chaka chilichonse kumwera kwa Africa. Kusamutsa nyama mwachisawawa kwasakanizanso mitundu imene chilengedwe chinailekanitsa: nyumbu yakuda ndi yotuwa zimaswana zikaikidwa pamodzi, bontebok ndi blesbok chimodzimodzi, moti mtundu umene mpanda unaupulumutsa ukhoza kusungunukira mumpanda momwemo.

Mpanda umadulanso njira. Nyama za m'madera ouma zimakhala ndi moyo poyenda kutsata mvula. Ku Botswana, mipanda yoletsa matenda a ng'ombe inatsekereza nyumbu za ku Kalahari panjira ya kumadzi, ndipo pa chilala cha m'ma 1980 zinafa masauzande ambirimbiri. Mipanda imeneyo sinali ya alenje, koma waya ndi waya. Dziko lodulidwa m'mafamu 9,000 lingakhale ndi nyama zambiri, chikhalirecho palibe gulu limodzi loyenda mwaufulu.

Mikango yoleredwa kuti iwomberedwe

Mbali yonyansa kwambiri ya malondawa inaululika mu 1997, pamene pulogalamu ya pa wailesi yakanema ya ku Britain, The Cook Report, inaonetsa mkango waukazi ukuwomberedwa pafupi ndi mpanda, ana ake ali kuseri kwa waya. Filimu ya Blood Lions ya mu 2015 inaonetsa ndondomeko yonse. Ana a mkango amachotsedwa kwa mayi awo akadali a masiku ochepa kuti mayiyo atengenso bere msanga. Alendo amalipira kuti awanyamule ndi kuwayamwitsa m'botolo, ena atauzidwa kuti ndi ana amasiye amene adzabwezeredwa kutchire. Akakula pang'ono amayenda ndi alendo. Yamphongo ikamera manyenje imagulitsidwa kwa mlenje amene anaisankha pa chithunzi, n'kumasulidwa mumpanda masiku ochepa asanafike. M'chigawo cha North West ku South Africa lamulo linkangofuna maola 96. Mafupa ake ankatumizidwa ku Asia.

Boma la South Africa linayesa mu 2007 kulamula kuti mkango uzikhala womasuka miyezi 24 usanasakidwe, koma oswetsa anapambana mlandu kukhoti la apilo mu 2010. Kenaka zitseko zinayamba kutsekeka. Mu 2016 United States, kumene kunkachokera alenje ambiri, inaletsa kulowetsa mitu ndi zikopa za mikango yoweta ya ku South Africa, ponena kuti palibe umboni woti malondawa amathandiza mikango yakutchire. Bungwe la alenje aukatswiri la PHASA linagawanika mu 2017 pa nkhani yomweyi, ndipo mu 2018 bungwe lina la alenje la Safari Club International linakana kulemba mikango yotere m'buku lake. Mu 2019 khoti la ku Pretoria linagamula kuti ziwerengero za mafupa zimene boma linaloleza kutumiza kunja zinakhazikitsidwa mosatsata lamulo, chifukwa sanaganizire za umoyo wa mikangoyo. Mu May 2021 nduna ya zachilengedwe Barbara Creecy inalengeza kuti boma lithetsa kuweta mikango. Kutseka kukuyenda pang'onopang'ono, chifukwa m'malo pafupifupi 350 muli mikango pafupifupi 8,000, yoposa kuwirikiza kawiri yakutchire ya m'dzikolo, ndipo yoleredwa m'manja siingatayidwe kutchire.

Oswetsa amati mkango woweta ukawomberedwa, wakutchire wapulumuka. Umboni wa zimenezi sunapezeke, ndipo akatswiri ambiri amaopa kuti msika wa mafupa umangokulitsa chilakolako cha ogula. Mbuzi ya m'khola munthu amangoipha, sanena kuti wapita kuuzimba, ndipo mkango woyamwa m'botolo uli chimodzimodzi. Apa alenje ambiri ndi omenyera ufulu wa nyama amalankhula chimodzi.

Anthu a kunja kwa waya

Mkanganowu ukamachitikira ku London kapena ku New York, kawirikawiri umakhala wa nyama zokhazokha. Ku South Africa mpanda uli ndi mbiri ina. Lamulo la malo la mu 1913 ndi ulamuliro wa tsankho zinaika malo ambiri a ulimi m'manja mwa azungu ochepa, ndipo mafamu ambiri a nyama ali pa malo omwewo. Famu ya ng'ombe ikasanduka ya nyama, mabanja a antchito amene anakhalapo mibadwo ingapo, ali ndi ziweto zawo ndi manda a makolo awo, nthawi zambiri amauzidwa kuti asamuke, poti mlendo walipira kuti aone tchire lopanda anthu. Ofufuza alemba zambiri za zimenezi ku Eastern Cape ndi ku KwaZulu-Natal. Eni malondawa amayankha kuti famu ya nyama imalemba antchito ambiri ndiponso aluso kuposa ya ng'ombe: olondola mapazi a nyama, osenda zikopa, ophika, oyendetsa galimoto. Pa mafamu olandira alendo zimenezi zimachitikadi, koma amene wapeza ntchito yatsopanoyo nthawi zambiri si amene anasamutsidwa uja.

Ndiye pali funso la amene amaloledwa kutchedwa mlenje. Mnyamata wa m'mudzi woyandikana nawo akalowa ndi agalu n'kupha nswala, ndi wakuba ndipo amamangidwa. Mlendo akapha nswala yomweyo atalipira, amajambulidwa nayo chithunzi. Lamulo lili ndi chifukwa chake, pakuti nswalayo ili ndi mwini amene anaiwonongera ndalama. Koma kuteteza nyama kumene anthu ozungulira amakuona ngati chuma cha ena sikukhalitsa. Ku Savé Valley ku Zimbabwe, malo ena atalandidwa chaka cha 2000 chitadutsa, mpanda unadulidwa makilomita ambiri ndipo waya wake womwewo unasanduka misampha. N'chifukwa chake njira zimene zimapereka ufulu wa nyama kwa mudzi wonse, monga CAMPFIRE ya ku Zimbabwe yoyamba mu 1989 ndi madera osungira nyama a m'midzi ya ku Namibia kuyambira 1996, zili zofunika pa mkanganowu. Zimagwiritsa ntchito ndalama za alenje, kawirikawiri popanda mpanda, ndipo ngakhale zili ndi mavuto a kagawidwe ka ndalama, zikuonetsa kuti umwini sufunika waya nthawi zonse.

Mpanda umodzi waukulu m'malo mwa ing'onoing'ono

Zitsanzo zabwino kwambiri za ulenje wa mumpanda ndi zimene zinachotsa mipanda yambiri. Ku Savé Valley, eni mafamu a ng'ombe anagwirizana mu 1991 kuzula mipanda ya pakati pawo n'kusiya umodzi wozungulira malo oposa masikweya kilomita 3,000. Bubye Valley, kumwera kwa Zimbabwe, inali famu yaikulu ya ng'ombe kumene zilombo zinaphedwa dala. Mikango yochepa itabwezeretsedwa mu 1999 inaswana mpaka kufika mazana angapo, ndipo malowa akusunga limodzi mwa magulu aakulu a zipembere zakuda mu Africa, ndi ndalama zochokera makamaka kwa alenje. Njati ya ku Bubye ikhoza kubadwa, kukalamba ndi kudyedwa ndi mkango isanauonepo mpanda. Kumadzulo kwa Kruger, mpanda wolekanitsa pakiyo ndi malo a anthu wamba monga Timbavati ndi Klaserie unachotsedwa mu 1993. Nyama zinapeza malo ochuluka, ngakhale kuti mpaka lero anthu amakangana ngati n'koyenera kusaka nyama imene dzulo inali m'paki ya boma.

Kuti mpanda pawokha ungathandize, umboni ulipo. Kafukufuku wa Craig Packer ndi anzake wa mu 2013 anapeza kuti mikango ya m'malo otchingidwa imasungika bwino ndiponso motchipa kuposa ya m'malo opanda mpanda, ngakhale akatswiri ena anayankha kuti mikango yambiri ya mu Africa ili m'madera aakulu osatheka kutchinga. Ku Malawi tikudziwa zimenezi kudzera ku Majete. Nkhalangoyi inali itatha nyama pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mu 2003. Inazingidwa ndi mpanda wamagetsi, zipembere zakuda ndi njovu zinabwezeretsedwa, mikango inabwera kuchokera ku South Africa mu 2012, ndipo minda ya anthu ozungulira inatetezeka. Akakwiyo amene anafika ku Liwonde mu 2017 anachokeranso m'malo otchingidwa a ku South Africa. Ku Majete kulibe ulenje wolipira. Ndalama zimachokera kwa alendo ndi kwa mabungwe othandiza. Zimenezi zikutiphunzitsa kulekanitsa zinthu ziwiri zimene mkanganowu umaziphatikiza: mpanda ndi chida chotetezera, mfuti ya mlenje ndi njira imodzi yolipirira. Koma mabungwe othandiza sangalipirire mahekitala 17 miliyoni. Ngakhale John Hume, amene anaweta zipembere pafupifupi 2,000 poyembekezera kuti malonda a nyanga adzaloledwa, ndalama zinamuthera, ndipo mu 2023 African Parks inazigula kuti izibwezere kutchire.

Poyezera pake

Amene akufuna kuti ulenje wonse wa mumpanda uletsedwe ayenera kunena chimene chidzalowe m'malo mwake pa malo aakulu chonchi, ndiponso amene adzalipire alonda a zipembere. Kunyansidwa ndi chithunzi cha munthu akumwetulira pa mtembo wa nyama n'komveka, koma kunyansidwako sikugula dizilo wa galimoto yolondera. Nawonso amene amateteza malondawa asiye kubisa khola la mikango kuseri kwa chipembere cha ku iMfolozi. Kuchuluka kwa mitu ya nyama si umboni woti chilengedwe chili bwino, pakuti nyama 1,000 zodya m'matumba pa malo opanda kambuku ndi ulimi wa ziweto.

Famu iliyonse ingayezedwe ndi mafunso amene woyendera wa boma angathe kuwayankha ndi maso ake. Kodi malowo ndi aakulu moti nyama imadzipezera yokha chakudya ndi madzi, n'kutha kumuzemba mlenje? Kodi inabadwira momwemo, kapena inatsitsidwa pa lole sabata yatha? Kodi ndi ya mtundu wa dera limenelo? Kodi zilombo zolusa zimaloledwa kukhalamo, ndipo waya wa m'munsi unakwezedwa kuti ngaka ndi kamba azidutsa? Kodi anthu oyandikana nawo amapeza ntchito, nyama yandiwo, gawo la phindu ndi njira ya kumanda a makolo awo? Malo amene akukhoza mafunsowa akuteteza chilengedwe, ndipo boma liyenera kuwalimbikitsa kuti aphatikizane ndi anzawo n'kuzula mipanda ya pakati. Amene akulephera alembedwe monga alimi a ziweto, atsate malamulo a ziweto ndi a matenda, ndipo asaloledwe kugulitsa malonda awo m'dzina la kuteteza nyama. Kuweta mikango kuti iwomberedwe kuthe, ndipo boma la South Africa likwaniritse zimene linalonjeza mu 2021.